Filimu ya mjigo: mmene ana athu a Fomu 3 anapangira kanema wa mphindi 7 ndi mafoni awiri

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ya kumudzi ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo. Teremu ino tinagwirizana ndi anzanga ophunzitsa Chichewa ndi Chingerezi kuti ana a Fomu 3 a m'kalabuyi, onse 24, apange filimu yaifupi m'malo mwa sewero la pa siteji, ndipo apatsidwe malikisi pa ntchitoyi. Kamera tilibe. Tili ndi foni yanga ya Samsung, Tecno ya mnzanga wa Chingerezi, ndi laputopu yakale ya ku ofesi. Ndakhala ndikulemba zochitika sabata ndi sabata, pamodzi ndi ndalama zimene zatuluka, kuti mphunzitsi wina wofuna kuyesa zomwezi adziwiretu pamene pali zokhoma.

Lachisanu, 10 Januwale: malire ndi ndalama

Ndawagawa m'magulu 4 a ana 6. Gulu lililonse libwere Lachisanu likudzali ndi nkhani imodzi yoti liikambe pamaso pa anzawo, ndipo nkhani imene ipambane ndi imene tonse tijambule. Ndawapatsiratu malire: filimu isapitirire mphindi 7, malo ojambulira asapitirire atatu ndipo onse akhale ofikika pansi, anthu oyankhula asapose anayi, zausiku ayi. Anadandaula kwambiri pa zausikuzo chifukwa aliyense amafuna mfiti kapena akuba. Ndawaonetsa chimene foni imatulutsa ukajambula m'chipinda chosungiramo mabuku chitseko chili chotseka: mdima wa timadonthomadontho, nkhope osaoneka. Atha kuvomera okha.

Ndawauzanso kuti asanalembe chilichonse athe kuyankha mafunso atatu m'ziganizo ziwiri zokha. Nkhaniyi ndi ya ndani? Akufuna chiyani? Chikumutsekereza n'chiyani?

Ahedi atipatsa K50,000. Mwana aliyense asonkha K1,000, zomwe zikhala K24,000, ndipo atsikana akuti aphika zitumbuwa zogulitsa pa buleki masabata awiri. Lero ndagula mapepala a manila ndi mamaka, K7,500.

Lachisanu, 17 Januwale: tsiku lokamba nkhani

Gulu lililonse linali ndi mphindi 5 zokamba ndi mphindi 5 zoyankha mafunso. Ndinakhala kumbuyo ndi wotchi, mafunso ndinawasiyira ana okhaokha, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi. Mwana akamva kwa mphunzitsi kuti nkhani yake siingatheke amangoti mukumuda. Akamva kwa mnzake wokhala naye desiki imodzi amakaganiza.

Gulu loyamba linabwera ndi akuba a mfuti othawa pa galimoto apolisi akuwathamangitsa. Anakamba mwamoto, kalasi yonse kuombera m'manja. Kenako mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Galimoto ziwirizo mwazipeza kale? Nanga mafuta agula ndani?" Panalibe yankho. Gulu lachiwiri linali ndi nkhani ya chikondi yoyambira ku pulayimale mpaka pa ukwati, anthu oyankhula 11, ndipo mphindi 5 zinatha asanafike ndi pakati pomwe. Wokambayo anatifulatira nthawi yonse akuwerenga pa manila, moti a kumbuyo sanamve kanthu.

Gulu lachitatu linakamba za mnyamata wopalasa kabaza kuti apeze fizi. Nkhani yabwino zedi, ndipo anaikamba bwino, koma theka lake likuchitikira pa msewu njinga ikuthamanga, nyengo ino ya matope. Gulu lachinayi linakamba za mtsikana wokhala ndi agogo ake ndi mchimwene wake. Mjigo wa pafupi wawonongeka, ndiye m'mawa uliwonse amakatunga madzi ku mudzi wina kumene kumakhala mzere wautali, amafika ku sukulu mochedwa n'kupeza chilango chikumudikira. Mawa lake kuli mayeso. Wokambayo sanabweretse manila olembedwa mawu. Anajambulapo mapu okha: nyumba, mjigo, sukulu, ndi mtunda wake. Anabweranso ndi ndowa ndi nkhata, n'kuyamba ndi funso lakuti, "Ndani mwa inu watunga madzi lero asanabwere kuno?" Manja amene anakwera anali pafupifupi onse a atsikana. Anyamata anayang'anana. Pamenepo nkhani inali itagulitsidwa kale.

Kuvota koyamba kunalephereka chifukwa aliyense anavotera gulu lake, 6 paliponse. Tinabwereza ndi lamulo loti munthu asavotere gulu lake, pa timapepala topinda. Mjigo unapeza 11, kabaza 9, enawo anagawana 4 otsalawo.

Chovuta chinabwera pambuyo pake. Ana 18 anaona ngati filimuyo ndi ya ana 6 aja, ndipo anyamata awiri anati iwo basi asiya. Tathetsa magulu onse pompo n'kugawa maudindo mwatsopano. Mtsogoleri wa gulu la akuba ndiye agwire kamera, chifukwa pokamba nkhani yake anaonetsa kuti amaona zinthu m'zithunzi. Wa kabaza ndiye woyendetsa dongosolo la masiku ndi nthawi. Mtsikana amene anafunsa za mafuta uja tamupatsa kope la ndalama. Mwini nkhani ndi dayirekitala. Ena ali ku zomveka, zovala, kuwala, kulemba, ndi kuletsa anthu kudutsa kutsogolo kwa kamera.

Lachisanu, 24 Januwale: masamba 19

Olemba anayi abwera ndi masamba 19. Opanga mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, koma sindinawauze zimenezo poyamba. Ndinangoti aliwerenge mokweza, wina atagwira wotchi. Linatenga mphindi 23.

Vuto lake ndi lodziwika kwa aliyense amene anaphunzitsapo zisudzo kuno. Ana athu anakulira masewero a pa wailesi ndi a mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM, kumene chilichonse chiyenera kutuluka pakamwa kuti womvera kapena wokhala kumbuyo kwa holo adziwe chikuchitika. Choncho mtsikana wa m'nkhaniyi ankati, "Ndatopa ine, ndowa iyi ikulemera, ndipo ndachedwa ku sukulu." Ndinawafunsa kuti mwa zitatuzi ndi chiti chimene kamera singathe kutionetsa. Palibe. Mzere wonsewo unachoka, m'malo mwake munalowa khosi lonjenjemera, madzi otayikira pa yunifolomu, ndi belu lomveka patali iye akadali m'njira.

Munalinso mphunzitsi wolankhula masamba awiri athunthu za ufulu wa mtsikana pa maphunziro. Pamenepa panali mkangano weniweni, chifukwa olembawo amakhulupirira kuti sewero lopanda uphungu kumapeto silinathe. Ine ndinaima nji kuti ulalikiwo uchoke. Anthu a kuno amva mawu amenewo pa misonkhano yambirimbiri ndipo amadziwa kugwedeza mutu uku maganizo ali kwina. Chimene sanachionepo pa khoma ndi mnyamata wa m'mudzi mwawo atanyamula zigubu. Mathero amene tagwirizana ndi akuti m'mawa wa tsiku la mayeso mtsikanayo akudzuka n'kupeza ndowa palibe, njinga palibe, mchimwene wake palibe. Akuthamangira ku sukulu, ndipo m'njira akumuona mchimweneyo ali pa mzere pakati pa amayi, zigubu ziwiri zili pa keliyala, amayiwo akumuseka. Palibe amene akuyankhula.

Tatsala ndi masamba 7. Fotokope ya osewera ndi atsogoleri a magawo, masamba 60 pa K100 lililonse, K6,000. Zitumbuwa zabweretsa phindu la K21,000, ndiye thumba lonse lakwana K95,000, ndipo zotuluka kufika lero ndi K13,500.

Lachisanu, 31 Januwale: zithunzi pa manila, zilolezo, kuyesa zipangizo

Sabata ino ndi imene yatidyera nthawi yambiri kuposa ina iliyonse. Ana ajambula filimu yonse pa manila m'timabokosi, kabokosi kamodzi pa shoti iliyonse (shoti ndi chimene kamera imajambula kuyambira poyamba kujambula mpaka poimitsa), anthu a timitengo basi. Zatuluka mashoti 41. Pansi pa kabokosi kalikonse alemba nambala, malo, amene akuoneka, zimene wavala ndi wanyamula, komanso ngati kamera ili patali, pakatikati kapena pafupi ndi nkhope. Kenako woyendetsa dongosolo anadula timabokosito pa kope lina n'kutisanja potengera malo: 17 pa mjigo, 13 pa nyumba ya agogo, 11 pa sukulu. Osewera zinawazunguza mutu kuti mathero tidzawajambula tsiku loyamba. Zinamveka titawerengetsa kuti kutsatira nkhani mwa ndondomeko yake kukanafuna kupita ku mjigo maulendo anayi.

Lachitatu tinapita kwa amfumu, ine ndi dayirekitala ndi wa dongosolo. Ndinalonjera ine, koma nkhani anafotokoza ndi anawo, atakhala pansi. Amfumu anavomera n'kutitumiza kwa apampando a komiti ya mjigo. Ana ankafuna tichotse chogwirira kuti mjigo uoneke wowonongeka. Apampando anakaniratu: "Aphunzitsi, mjigo uwu ndi wa mtundu wa Afridev, ndodo zake zikagwera pansi ndalama yoitanira okonza isonkhedwa ndi mudzi wonse. Anawa adzalipira?" Anali ndi mfundo. Iwo omwe anatipatsa nzeru ina, yoti timange chogwiriracho ndi tcheni ndi loko yawo, kukamwa kwa mjigo tivalike thumba, pansi tithirepo dothi louma ndi masamba. Wa kamera anawonjezera yake: mjigo womwewo tiujambule kuchokera kumbali ya mtengo wa mango ngati wowonongeka, ndipo kuchokera kumbali ya munda wa chimanga ngati wa mudzi wina uja. Malo amodzi agwira ntchito ya awiri.

Makalata opita kwa makolo, 24, K2,400. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ambiri mwa awa sanakwanitse. M'kalatamo tafunsa zinthu ziwiri padera: kulola mwana kujambulidwa ndi kubwera Loweruka, ndi kulola kuti filimuyo iikidwe pa intaneti.

Poyesa zipangizo tapeza kuti chithunzi cha foni n'chabwino ndithu koma mawu ndi amene angatiphere ntchito. Munthu akaima mamita atatu kuchokera pa foni, panja, chimene chimamveka ndi mphepo ndi atambala. Njira yathu ndi iyi: Samsung ijambule chithunzi, Tecno ikhale m'thumba la woyankhula ikujambula mawu okha kudzera pa kamayikolofoni ka pa chingwe cha mahedifoni, komatidwa ndi selotepu mkati mwa kolala. Takakulunga ndi kachidutswa ka siponji chifukwa cha mphepo. Shoti iliyonse isanayambe, mwana mmodzi aime pamaso pa kamera, atchule nambala ya shoti, aombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Kuombako ndi kumene kudzatithandize kulumikiza mawu ndi chithunzi.

Choimikira kamera tapanga ndi nsungwi zitatu ndi mphira za chubu cha njinga, sitinalipire kanthu. Chobwezera kuwala ndi katoni yomatidwa foyilo. Memori khadi yoyamba, yolembedwa 64GB, inali yabodza: titaidzaza mavidiyo oyesera, amene anapitirira 8GB sankatseguka. Wogulitsa anatisinthira atakangana nafe pang'ono. Muziyesa khadi poidzaza musanapite nayo kokajambula. Khadi K22,000, mahedifoni awiri K8,000, foyilo K5,500, selotepu ndi guluu K3,000. Zonse zotuluka zafika K54,400.

Loweruka, 8 Febuluwale: tsiku loyamba pa mjigo

Tinakonza mashoti 17, tajambula 9.

Tinafika 7 koloko n'kupeza amayi ali kale pa mzere, zomwe zinatikomera chifukwa nkhani ikufuna mzere. Dayirekitala anawafotokozera mmodzimmodzi, ndipo awiri amene sanafune kuoneka anatunga kaye n'kupita. Otsalawo anasewera bwino kuposa mmene tikanawaphunzitsira. Mnyamata wathu atafika ndi zigubu pa njinga, mayi wina anangoti, "Ii, achimwene, lero kwagwanji?" mzere wonse n'kufa nacho chiseko. Mawu amenewo sanalembedwe paliponse ndipo alowa mu filimu.

Zitatha izo mavuto anayamba kubwera motsatizana. Ana a m'mudzi anadzaza kumbuyo kwa osewera, kugwedeza manja ku kamera. Kuwathamangitsa sikunathandize. Chinathandiza ndi kuwapatsa ntchito: tinajambula mzere pansi kumbuyo kwa kamera, wamkulu mwa iwo tinamuika kukhala wofuula kuti "Chete!" tisanayambe. Cha m'ma 9 koloko chigayo cha pafupi chinalira, ndipo m'mahedifoni simunkamveka china. Wa dongosolo anathamangira komweko n'kubwera ndi uthenga woti amazimitsa pakati pa 12 ndi 1 koloko. Tinasuntha mashoti onse oyankhula kupita nthawi imeneyo, koma nthawi imeneyo ndi imene dzuwa lili paliwombo, maso a osewera amasanduka maenje akuda. Tinawalowetsa mumthunzi wa mango n'kubwezera kuwala ndi katoni ija. Foyilo yosalala inkawathobwa m'maso, mpaka tinaimatula, kuifinyafinya n'kuimatanso. Pa khungu lathu lakuda, kumbuyo kukakhala thambo loyera foni imadetsa nkhope yonse. Wa kamera azidina pa nkhope n'kugwiritsa chala mpaka kuwala kutakhazikika pamenepo, ndipo ngati n'kotheka kumbuyo kukhale masamba kapena khoma.

Shoti ina yabwino inaduka chifukwa foni inaitana pakati. Kuyambira pamenepo mafoni onse awiri ali pa flight mode. Samsung inatentha n'kukana kujambula kwa kanthawi, ndiye tsopano pali mwana wogwira ambulera pamwamba pake, ndipo chikwama chake tachivula.

Madzulo poonera tapeza kuti pa kukambirana kwa mtsikana ndi mnzake, onse awiri akuoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati akuyankhula ndi munthu wachitatu. Kamera inawoloka mzere wongoganizira umene umalumikiza anthu awiri oyankhulana. Ukayamba kujambula uli mbali imodzi ya mzerewo uyenera kukhala mbali yomweyo mpaka kukambiranako kuthe. Mashoti awiriwo abwerezedwa, ndipo tidzayala chingwe pansi kuti wa kamera aziuona mzerewo ndi maso. Chakudya, mabanzi ndi sobo, K8,000.

Loweruka, 15 Febuluwale: maliro ndi mvula

M'mudzi muja mwagwa maliro, ndipo uthenga unatipeza Lachisanu madzulo. Sitikanapita ndi kamera pa mjigo anthu akutunga madzi a pamaliro. Ana anayi a komweko sanabwere. Chifukwa mashoti anali osanjidwa kale potengera malo, wa dongosolo anangotembenuza tsamba n'kuti tichite 11 a pa sukulu, ndipo aliyense anadziwa choti abweretse.

Mvula inayamba 10 koloko. Pa denga la malata lopanda siling'i palibe mawu amene angajambulike. Tinayamba ndi mashoti opanda mawu: mapazi a matope pakhomo la kalasi, dzanja likulemba, desiki yopanda munthu, khasu la chilango. Oyankhula tinawachita itakata cha m'ma 2 koloko. Babu ya m'kalasi inkatulutsa mizere yoyenda pa chithunzi, chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz (amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi) pamene foni imajambula zithunzi 30 pa sekondi, ndipo ziwirizi sizigwirizana. Tinaizimitsa n'kusunthira madesiki pafupi ndi zenera, ndipo kuwala kwa mitambo kunatuluka kokoma kuposa kwa dzuwa la sabata yatha.

Amene akusewera ngati mphunzitsi ankafuula ndi kutambasula manja ngati ali pa siteji. Kumuuza kuti achepetse sikunagwire. Tinamuonetsa nkhope yake pa foni, n'kumuuza kuti ayankhule ndi mtsikanayo yekha, osati holo. Ulendo wachitatu zinatheka. Onse 11 atha. Chakudya K8,000, kutchajitsa mafoni ndi pawa banki pa gulosale chifukwa magetsi anazima masana, K1,200. Tafika K71,600.

Loweruka, 22 Febuluwale: chimanga chakula

Masabata awiri a Febuluwale ndi nthawi yaitali kwa chimanga. Munda umene unali kumbuyo kwa mjigo pa 8 paja tsopano wamasula ndipo watalika kuposa munthu. Mnyamata wosewera mchimwene wameta mpala. Mtsikana wabwera ndi chitenje china chifukwa choyamba chija amayi ake apita nacho ku chipatala. Za chitenje wa zovala anali atalemba m'kope lake mtundu wake, ndipo anathamanga kukabwereka chofanana nacho kwa azakhali ake. Mnyamata tamuveka chipewa, n'kuwonjezera kashoti kamodzi komuonetsa akuchivala potuluka m'nyumba ndi kena akuchivula pa mzere, kuti mashoti akale a tsitsi asasemphane kwambiri ndi atsopano. Pamene wavula kamera ili patali. Chimanga sitikanachibweza, ndiye mashoti 8 otsala tawajambula pafupi ndi nkhope kuti munda usaoneke bwino. Mukajambula nyengo ya dzinja, malo amodzi muziwamaliza tsiku limodzi kapena masiku otsatizana, ndipo zovala za osewera zizisungidwa ku sukulu m'thumba limodzi. Wa zovala azijambulanso chithunzi cha wosewera aliyense m'mawa uliwonse.

Masana tinapita kunyumba. Agogo a mu filimu ndi agogo enieni a mmodzi wa ana athu. Atawerengeredwa mizere yawo anati, "Adzukulu anga, ine za pa pepalazo sindingazisunge. Ingondiuzani chachitika n'chiyani." Dayirekitala anagwada pafupi n'kuti, "Gogo, mdzukulu wanu ali ndi mayeso mawa, koma mumtsuko mulibe madzi, ndipo mnyamatayu wangokhala." Anayankhula okha, osakweza mawu, akusenda nyemba, ndipo zimene anamuuza mnyamatayo zinaposa zonse zimene tinalemba. Tinajambula kawiri kokha. Pomaliza pa malo alionse tajambula mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo aliyense ali chete, yodzatsekera mipata polumikiza. Chakudya K5,000, ndi sopo amene ana anasonkherana okha kukawathokoza agogo.

Lolemba, 3 Malichi: kulumikiza

Tagwiritsa ntchito Loweruka ndi holide ya lero. Zonse zimene tajambula ndi mphindi pafupifupi 95, zoposa 12GB, chifukwa pa 1080p mphindi imodzi imadya cha m'ma 130MB. Laputopu ya ku ofesi inkaima ikangotsegula vidiyo, choncho ntchito yake yangokhala kusunga kope lachiwiri la zonse. Kulumikiza kwachitikira pa foni ndi pulogalamu yolumikizira mavidiyo ya CapCut. Tinayesa ina yotchedwa KineMaster koma yaulere imasiya chidindo chake pakona pa chithunzi. Mwana wina anatumiza mafayilo a mawu ndi mavidiyo ena pa WhatsApp ndipo mavidiyowo anafika atafwifwa, chifukwa WhatsApp imawapanikiza pokhapokha ukawatumiza ngati document. Tagula kowerengera khadi, K4,000, ndi bandulo ya K6,000.

Tsiku loyamba lonse linapita pa kusintha mayina a mafayilo kuti agwirizane ndi manambala a pa manila. Apa ndi pamene kutchula nambala ndi kuomba m'manja kunalipira: pa mzere wa mawu kuombako kumaoneka ngati kamtengo kosongoka, umangokalunjika ndi pamene manja akukumana pa chithunzi. Mashoti atatu amene ana anaiwala kuomba anatenga nthawi yofanana ndi ena khumi.

Kulumikiza koyamba kunatuluka mphindi 11. Zambiri zimene zachoka ndi anthu akulowa ndi kutuluka pa zitseko, ndi malonje. Ana ankafuna kusintha shoti iliyonse ndi zozungulira ndi zothwanima za mu CapCut. Tachotsa zonse.

Pa nyimbo ankafuna ya woimba wina wotchuka. Nyimbo ili ndi mwini wake, kuno za umwini zimayendetsedwa ndi COSOMA, ndipo Facebook ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu kapena kutsekereza vidiyo yokhala ndi nyimbo ya eni. Mnyamata wina ali ndi gitala yopanga yekha ya chigubu cha mafuta. Iye ndi atsikana atatu a kwaya apeka kanyimbo kopanda mawu kotsatira kugunda kwa chogwirira cha mjigo, ndipo tajambulira m'chipinda cha mabuku chifukwa mabukuwo amameza phokoso lobwerera. Mawu a Chingerezi a pansi pa chithunzi awalemba ndi mphunzitsi wawo, mizere isapitirire iwiri pa nthawi imodzi.

Lachisanu, 14 Malichi: kuyesa pa Fomu 1

Taonetsa ana 10 a Fomu 1 osawauza chilichonse, kenako tawafunsa kuti afotokoze zimene aona. Asanu ndi mmodzi sanadziwe kuti mijigo ndi iwiri. Ankaganiza kuti mjigo uja wakonzedwa, ndiye samamvetsa chifukwa chimene mtsikanayo akuchedwerabe. Nzeru yathu yojambula mjigo umodzi mbali ziwiri inasiya dzenje limeneli, ndipo ife amene tikuidziwa nkhani sitikanaliona. Mawa ana atatu akajambula masekondi 20 a mtsikanayo akuyenda ndi ndowa yopanda kanthu, akuwoloka kamlatho ka mitengo, akudutsa pa dambo, kuti mtunda umveke. Kuti tikhalebe m'mphindi 7 tidula pa chilango cha ku sukulu. Anatinso mawu a agogo ndi otsika kuposa nyimbo, ndipo takonza.

Lachisanu, 21 Malichi: kuonetsa ndi kufotokoza

Pulojekita tinabwereka ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amachitirako maphunziro awo), sipika ku tchalitchi china, jenereta kwa bambo wina wa PTA poopa kuzima kwa magetsi, ndipo anazimadi. Petulo malita atatu, K7,600. Jenereta tinaiika kuseri kwa kalasi ina ndi chingwe chachitali kuti isamveke. Holo yathu ili ndi mazenera akuluakulu opanda makatani, ndipo poyesa Lachinayi chithunzi sichinkaoneka n'komwe. Ana anabweretsa mabulangete ndi zitenje zakuda, tinakhoma ndi timisomali. Khoma ndi lachikasu, ndiye tinapachika nsalu yoyera ya pabedi.

Malikisi tinawagawa pawiri, theka pa filimu, theka pa kufotokoza ntchito. Filimu isanayambe, atsogoleri a magawo asanu anali ndi mphindi 3 aliyense. Tinayeserera kawiri mkati mwa sabata, ndi lamulo loti munthu asawerenge ndipo agwire chinthu m'manja chimene akuchikamba. Wa kamera anaimika nsungwi zake n'kuonetsa kabokosi ka pa manila pambali pa shoti yeniyeni imene inatulukamo. Wa zomveka anamvetsa anthu chiganizo chimodzi kawiri, cha pa foni ya kamera ndi cha pa kolala, ndipo holo yonse inamva kusiyana kwake popanda kufotokozera. Wa ndalama anawerenga kope lake mpaka pa tambala: zolowa K95,000, zotuluka K94,200. Mtsikana amene anatifulatira pa 17 Januwale uja ndi amene anafotokoza za zovala, akuyang'ana anthu, chitenje chobwereka chili pa phewa.

Ahedi anafunsa dayirekitala chifukwa chimene filimuyo ilibe uphungu pomaliza. Anayankha kuti, "Ahedi, tinaulemba, masamba awiri. Titawerenga tinaona kuti chithunzi cha mchimwene pa mzere chanena kale." Apampando a komiti ya mjigo, amene anakhala kutsogolo pamodzi ndi amfumu ndi agogo aja, anapempha kuti filimuyi ikaonetsedwe pa msonkhano wa mudzi mwezi wa mawa, pamene akukakamba za zopereka zogulira zipangizo za mjigo. Tavomera, bola jenereta ndi petulo zikhale zawo.

Pa intaneti sitiyiika. Makolo atatu anakana gawo limenelo la kalata, ndipo mmodzi mwa ana awo ali m'mashoti ambiri a m'kalasi. Amayi a pa mjigo nawonso tinangowapempha zoonetsa ku sukulu ndi kumudzi. Filimu ili pa khadi imene yasungidwa ku ofesi ya ahedi, kope lina pa laputopu. K800 yotsala yalowa m'thumba la kalabu. Gulu la kabaza lapempha kuti nkhani yawo ijambulidwe teremu ikubwerayi, misewu itauma. Ndawauza kuti abwere Lachisanu loyamba la teremu ndi masamba osapitirira 7, mapu a malo awo, ndi yankho la mmene adzamangirire foni pa njinga yachiwiri kuti chithunzi chisagwedezeke.